Ufa wa Mpiru ku Suusamyr

Inagonja pa khona lachitatu la chitunda cha Too-Ashuu
n'kubwerera kuchigwa chakumasana,
Kamaz yobiriwira yodzaza anyezi wa ku Osh,
nthunzi ikutuluka m'mphuno ngati hatchi yothamangitsidwa.
Talaibek anadumpha pansi injini isanazime n'komwe.
"Ndi themositati basi. Sinthani, ndili pachangu."
Ysmaiyl anapitiriza kumwa tiyi.
Chitsulo chotentha sachifunsa mafunso, amatero masiku onse,
chimayankha ndi matuza.

Tinadikira singano ya geji ichoke pofiira.
Kenako tinaweramitsa mutu wa lole kutsogolo,
inagwada ngati munthu pa swala,
matumbo onse poyera.

Ine ndine wonyamula masipanala chabe, koma maso ndili nawo.
Anadina lamba wa fani ndi chala: wolimba.
Anasolola kandodo ka oyilo nakaunika padzuwa:
wakuda bii, wopanda thovu loyera la mkaka wa hatchi.
"Gasiketi ili moyo," anatero, Talaibek n'kupuma.
Themositati tinaiponya m'ketulo ya tiyi yomweyo,
madzi atawira inayasamula bwinobwino, yosalakwa.
Pampu sinkalira, sinkadontha.

Ndiye analiza injini pang'ono, nazimitsa,
nayendetsa chikhatho pankhope pa rediyeta
monga amafufuzira malungo pamphumi pa mwana.
Pamwamba moto.
M'mbali mofunda.
Pakati pozizira ngati mwala wa mumtsinje.
"Mwaidyetsa chiyani?"

Talaibek anayang'ana nsapato zake.
Inayamba kudontha chilimwe chatha.
Wina ku Jalal-Abad anamunong'oneza za ufa wa mpiru,
masupuni awiri m'madzi, bowo limatsekeka.
Linatsekekadi. Likatseguka lina, masupuni ena,
madzi akutunga m'ngalande iliyonse ya m'mbali mwa msewu.
Titamasula paipi yapansi kunatuluka phala lachikasu
losakanikirana ndi dzimbiri, kununkha khitchini yakale.
Chimene chinatseka bowo chinatseka ndi njira yomwe.

Yatsopano ili ku Bishkek, kuseri kwa phiri, masiku awiri.
Anyezi sadikira. Wogula nayenso.

Ysmaiyl anakhala duu nthawi yaitali.
Kenako anandipatsa kiyi wa kashedi kakuseri
kamene sindinalowemo zaka zitatu ndili pano.
M'menemo, yofunditsidwa bulangeti la ubweya,
munali rediyeta yamkuwa, yotsukidwa, yopanda fumbi.
Ndinadziwa osauzidwa. Chigwa chonse chimadziwa
za lole ya mng'ono wake Kubat
imene inaterereka chafutambuyo pa chipale chofewa kumtunda kuja.
Chimene anatola chathunthu m'phompho muja
chinali chokhachi.

Mabawuti awiri apansi anali atadyana ndi dzimbiri,
limodzi linandisenda chala mpaka magazi.
Yakale inatuluka yolemera ngati nkhosa yomira.
Inayo tinainyamula tili atatu, mwakachetechete,
kuopa kupinda timapiko take topyapyala.
Mapaipi. Zomangira. Chivundikiro chatsopano.
Madzi obiriwira a m'chigubu, osatinso a m'ngalande.
Injini inalira.
Thovu la mpweya linatuluka limodzilimodzi, n'kutha.
Singano inanyamuka, inafika pakati,
inaima.
Tonse tinaiyang'anabe ngati ingasinthe maganizo.

Talaibek anatulutsa chikwama, manja akunjenjemera.
Ysmaiyl analandira ya ntchito yokha
ndi thumba limodzi la anyezi,
zotsalazo anamubwezera m'thumba la jekete.
"Pachitunda uzikwera ndi giya yaing'ono, usaikakamize.
Ukatulukira mbali inayo ya phiri, undiimbire.
Inali isanafikeko ulendo uja."

Ndinakolopa phala la mpiru mdima ukugwa,
mphepo ikutsika kuchokera ku chipale.
Foni inali pabenchi, pafupi ndi bulangeti lopindidwa.
Iye anali pakhomo, chagada kuyang'ana kumtunda,
akupukuta sipanala yoyera kale.